Masiku anayi ku Table Mountain National Park ndi ana komanso apongozi: tikayambire pati?

Bambo a Takondwa:
Moni nonse a pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumakhala ku Cape Town kapena munayendako. Mu Disembala muno tikubwera kumeneko kuchokera ku Johannesburg, ine, mayi akunyumba, ana awiri, wina wazaka 11 wina wazaka 6, ndi apongozi anga aakazi amene mawondo amawavuta. Tili ndi masiku anayi okha. Ana andiumiriza chaka chonse kuti akufuna kukaona nyanja yamchere ndi phiri lija lathyathyathya pamwamba. Ndikawerenga pa intaneti mutu ukungondizungulira, wina akuti Cape Point, wina akuti Boulders, wina Lion's Head. Kodi zonsezi ndi malo amodzi? Nanga n'kuti komwe tingayende wapansi popanda kuzunza munthu wamkulu?

Nachisale:
Takulandirani achimwene. Inde, malo onse mwatchulawo ali m'paki imodzi, Table Mountain National Park, yomwe imayang'aniridwa ndi SANParks, bungwe losamalira mapaki a dziko la South Africa. Inakhazikitsidwa mu 1998. Koma musaiganizire ngati nkhalango ya mpanda umodzi ndi geti limodzi ayi. Imayambira ku Signal Hill, mumzinda mwenimweni, n'kutsata msana wa mapiri mpaka kukathera ku Cape Point kummwera, ndipo pakatipa pali nyumba za anthu, misewu ndi matauni. Malo ambiri okwera phiri mumangolowa osalipira. Ku Cape of Good Hope, ku Boulders ndi ku Silvermine ndiye kuli mageti olipira. Musaiwale mapasipoti kapena ziphaso za aliyense, chifukwa mtengo wa nzika za South Africa, wa anthu a m'maiko a SADC ndi wa alendo ochokera kutali ndi wosiyana, ndipo popanda chiphaso amakulipiritsani ngati mlendo wakutali.

Malume a ku Wynberg:
Ndawona kuti mwati Disembala. Ndiye mverani ichi musanalembe ndondomeko iliyonse: tsiku lokwera Table Mountain simulisankha ndinu, imasankha ndi mphepo. Nyengo yotentha kuno kumawomba mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, eni ake amaitcha Cape Doctor. Ikayamba imatha masiku awiri kapena atatu osapuma, ndipo ndi imene imakankhira mtambo woyera uja pamwamba pa phiri, womwe umaoneka ngati nsalu yoyala patebulo. Mphepo ikakula cableway, ngolo yolendewera pa zingwe yokwezera anthu paphiripo, amaitseka basi, ngakhale mutagula kale matikiti. Ndiye m'mawa woyamba umene mudzadzuke n'kuona phiri lili mbee, popanda mtambo, mitengo ili zii, siyani zonse mupite kuphiri tsiku lomwelo. Musanene kuti tidzapita Lachinayi. Alendo anga ambiri abwerera osakwera chifukwa chosunga phiri kuti likhale la tsiku lomaliza.

Chikondi wa ku Parow:
Koma abale cableway si kukwera phiri kumeneko. Mphindi zisanu uli pamwamba, wajambula, watsika. Bambo a Takondwa, kwerani wapansi kudzera ku Platteklip Gorge, ndi njira yosasocheretsa, imayambira pa Tafelberg Road. Ine ndimatha ola limodzi ndi theka. Mukafika pamwamba mumamva kuti mwagwira ntchito.

Nachisale:
Chikondi, wawerenga bwino uthenga wa achimwenewa? Ali ndi mwana wazaka 6 ndi mayi wamkulu wa mawondo. Platteklip ndi masitepe a miyala okhaokha, pafupifupi mamita 700 kukwera m'mwamba, ndipo dzuwa likatuluka mpatawo umatentha ngati ng'anjo, mthunzi ndi wosowa. Iwe umatha ola ndi theka chifukwa umakwera sabata iliyonse. Munthu wamba amatha maola awiri ndi theka kapena atatu.

Chikondi wa ku Parow:
Pepani achemwali, za apongozizo zinandidutsa. Komabe bambowo ndi mwana wamkuluyo atha kukwera, ena n'kukwera cableway, n'kukakumana pamwamba. Angoyamba 6 koloko m'mawa dzuwa lisanakwiye, ndi madzi okwana malita awiri munthu aliyense.

Malume a ku Wynberg:
Apo ndiye mwalankhula. Ndipo cableway musaipeputse. Yakhala ikunyamula anthu kuyambira 1929, ndipo zimene zilipo panozi pansi pake pamazungulira pamene mukukwera, kotero aliyense amaona mbali zonse osakankhana. Kwa munthu ngati apongozi awo, amene sakanafika pamwambapo mwanjira ina iliyonse, ndi chinthu chamtengo wapatali. Ine mayi anga ndinawakweza ali ndi zaka zopitirira 70, anangogwira chitsulo n'kumayang'ana chilumba cha Robben Island chili phee pakati pa madzi, osalankhula kanthu mpaka tinafika.

Mayi a Dalitso:
Ndiwonjezepo za pamwambapo, chifukwa anthu ambiri akatsika m'cableway amangozungulira pamalo odyera ndi pogulitsa zikumbutso n'kubwerera. Pali tinjira tosalala bwino pafupi pomwepo toti apongozi atha kuyenda pang'onopang'ono. Ana akaona mbira zikuothera dzuwa pamiyala, muwauze kuti akatswiri amati tinyama timeneti ndi pachibale ndi njovu, mudzaona m'mene adzatsutsire. Asazipatse chakudya, zimaluma.

Amene muli ndi miyendo pitani mpaka ku Maclear's Beacon, mulu wa miyala umene uli pansonga penipeni pa phirili, mamita 1,086 kuchokera pa nyanja. Kuchokera pa cableway ndi pafupifupi ola limodzi kupita, lina kubwera. Koma ndikuuzeni zimene zinatichitikira ife. Tinanyamuka kuli dzuwa, titavala malaya opepuka. Titangofika pa mulu wa miyalawo mwamuna wanga anati taona uko. Mtambo unkabwera chokwawa pansi ngati utsi wa lupsa, ndipo pasanathe mphindi khumi sindinkamuona mwana wanga amene anali mapazi asanu patsogolo panga. Kunazizira mwakuti zala zinaleka kugwira foni. Tsitsi la mwana linadzaza timadontho ta madzi. Chimene chinatipulumutsa n'chakuti tinagwirana manja n'kumatsata zizindikiro za penti zomwe zili pamiyala, chimodzichimodzi, osathamanga. Tikanapatuka pang'ono, mbali ina kuli phompho. Kuyambira tsiku limenelo sindikwera phiri limenelo popanda juzi ndi jekete la mvula m'chikwama, ngakhale kumunsi kutatentha bwanji.

Bambo a Takondwa:
Mayi a Dalitso mwandiopsa koma mwandithandiza. Dzina la Maclear limeneli ndi lomwe lija la Cape Maclear?

Mphunzitsi wa ku Mowbray:
Ndi munthu mmodzi yemweyo, Thomas Maclear, katswiri wa zakuthambo amene ankagwira ntchito ku Cape Town. Mulu wa miyalawo unamangidwa pa ntchito yake yoyeza dziko. David Livingstone anali mnzake, n'chifukwa chake anatcha dzina lake malo a ku nyanja aja. Ndipo mukapita ku Cape Point mukapeza kuti pakati pa Cape Point ndi Cape of Good Hope palinso kansonga kena kotchedwa Cape Maclear.

Poti ndatchula Cape Point, ndiloleni ndikhalitsepo, chifukwa kwa ine kumeneko ndiye mtima wa paki yonseyi, ndipo ndi kumene anthu amakulakwira kwambiri. Mabasi a alendo amafika, anthu amaima pamzere kudikira kujambulitsa pa chikwangwani cha Cape of Good Hope, akatero amathamangira ku nsanja ya nyali, kenako basi ija yaliza hutala. Maola awiri, atha. Akabwerera amati kunali mphepo ndi miyala basi. Malo amenewa amafuna tsiku lathunthu ndiponso amafuna mapazi.

Mukaimika galimoto pa Cape Point, pali kanjanji kokwera chitunda kotchedwa Flying Dutchman, apongozi akwere kameneko. Pamwamba pali nsanja yakale ya nyali yowongolera sitima zapamadzi, yomangidwa cha m'ma 1859. Anaimanga pamwamba kwambiri, mamita opitirira 230, poganiza kuti iwonekera kutali. Koma malo okwera choncho ndi amene nkhungu imakonda kukhalapo, ndiye nthawi imene oyendetsa sitima ankaifunitsitsa nyaliyo ndi imene inkabisika. Mu Epulo 1911 sitima ya Apwitikizi yotchedwa Lusitania inagunda thanthwe la Bellows Rock kumunsi kwake. Atatero anamanga nsanja ina m'munsi, mamita 87 okha kuchokera pamadzi, ndipo ndi imene ikugwira ntchito mpaka lero. Ambiri saiona n'komwe nsanja yatsopanoyi. Pali kanjira kotchedwa Lighthouse Keeper's Trail kamene kamadutsa m'munsi mwa nsanja yakale n'kutsata kamsana kopapatiza, nyanja uku nyanja uku, mpaka poti muione. Ndi pafupifupi ola limodzi kupita ndi kubwera. Pamenepo phokoso la anthu limatha, mumangomva mafunde akumenya pansi patali ndi mbalame zakuda za m'madzi zikuuluka m'munsi mwa mapazi anu, chifukwa zisa zake zili m'mbali mwa phompho.

Nachisale:
Aphunzitsi mwaiwala njira yochokera pa Cape Point kupita ku Cape of Good Hope.

Mphunzitsi wa ku Mowbray:
Sindinaiwale mayi, ndimapuma kaye. Imeneyo ndiye yoyenera banja lawo. Imayambira pomwe pamaima magalimoto, n'kudutsa pamwamba pa maphompho, malo ambiri anayala matabwa. Mphindi 45 kapena ola limodzi ndi ana. Mmodzi wa akuluakulu atenge galimoto ndi apongozi azungulire pamsewu akakudikireni kumunsi pa chikwangwani chija, kuti musabwererenso chokwera. M'njiramo mudzaona Dias Beach pansi, mchenga woyera wopanda ngakhale phazi la munthu nthawi zina. Pali masitepe a matabwa otsikira kumeneko, ambiri ndithu, ndipo pobwera amatopetsa. Tsikani ngati mukufuna, koma m'madzimo musalowe ngakhale mpaka m'mawondo. Madzi ake amakoka. Gombelo analitcha dzina la Bartolomeu Dias, Mpwitikizi amene anazungulira nsongayi mu 1488 n'kuitcha nsonga ya namondwe.

Chikondi wa ku Parow:
Ndipo pamenepo ndi pamene nyanja ziwiri zimakumana, Atlantic ndi Indian. Mukayang'anitsitsa mzere umaoneka.

Mphunzitsi wa ku Mowbray:
Ayi mphwanga, imeneyo ndi nkhani imene imangoyenda pakamwa. Malire a nyanja ziwirizo amawerengedwa ku Cape Agulhas, makilomita pafupifupi 150 kum'mawa, ndipo kumeneko ndi kumenenso kuli nsonga yakummwera kwenikweni kwa Africa. Cape of Good Hope ndi nsonga yakummwera chakumadzulo, chikwangwani chomwe chimanena choncho. Mzere umene umauonawo ndi thovu lochokera pamatanthwe. Chimene chili choona n'chakuti madzi a mbali ya kumadzulo ndi ozizira kwambiri chifukwa cha mkokomo wa Benguela umene umatukula madzi a pansi pa nyanja, pomwe a ku False Bay, mbali ya kum'mawa, amakhala ofundirako pang'ono nyengo yotentha.

Chikondi wa ku Parow:
Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza alendo anga za mzerewo. Zikomo aphunzitsi, ndaphunzira.

Mayi a Dalitso:
Wina anene za anyani chonde, chifukwa muli ana pa ulendowu.

Nangozo:
Ndinena ine, poti ndinaziona ndi maso. Tinali ku Buffels Bay, m'kati momwemo mwa Cape of Good Hope, komwe kuli dziwe lomangidwa m'mphepete mwa nyanja loti ana asambiremo bwinobwino ndi malo owotchera nyama. Mng'ono wanga anapita kugalimoto kukatenga thawulo, anatseka chitseko koma sanakiye. Nyani wamphongo, wamkulu ngati mwana wa sitandade 5, anatsika pachitunda osathamanga n'komwe, anagwira chogwirira chitseko ndi dzanja ngati munthu, n'kutsegula. Analowa, anatenga chikwama cha mwana, anakhala pa boneti n'kutsegula zipi. Anatulutsa zovala chimodzichimodzi n'kumataya mpaka anapeza maapozi awiri. Mng'ono wanga anafuna kukalanda chikwamacho, nyani uja anangoyasamula kuonetsa mano, ataliatali kuposa a galu. Mng'ono wangayo tinamugwira mkono kuti asayandikire.

Ndiye malamulo ake ndi awa: galimoto muzikiya nthawi zonse ngakhale muli momwemo, mawindo otseka mukaona anyani, mwana asayende ndi chakudya m'manja, ndipo nyani akalanda chinthu musiyireni, akapeza kuti mulibe chakudya amachitaya yekha. Kuwapatsa chakudya ndi mlandu, amalipiritsa. Ndipo chimandiwawa n'chakuti nyani akazolowera chakudya cha anthu amayamba ukali, mapeto ake amaphedwa. Olakwa ndife. Akakhala paokha anyani a kumeneko amadya mizu, nthanga, ndipo madzi akaphwera amatsikira kugombe kukatola nkhono za m'nyanja pamiyala, zomwe anyani a malo ambiri sachita.

Bambo a Takondwa:
Wamng'onoyu ndiye sasiyana ndi bisiketi m'manja. Ndamva. Nanga nyama zina ziliko? Ana akuyembekezera mikango.

Nangozo:
Mikango kulibe, auzeni asanafike kuti asakhumudwe. Kuli nthiwatiwa, ndipo kuona nthiwatiwa ikuyenda pamchenga mafunde ali kumbuyo kwake ndi chinthu chimene sindinachizolowerebe. Kuli ntchefu, mbidzi za m'mapiri, ndi agwape ena a nkhope yoyera otchedwa bontebok. Akamba amadutsa pamsewu, ndiye yendetsani pang'onopang'ono. Njoka ziliko, makamaka mphiri, imene sithawa ikamva mapazi, choncho ana asamachoke m'njira ndipo avale nsapato zotseka.

Malume a ku Wynberg:
Ngati tsiku la Cape Point likhale lotakasuka, patukirani ku Olifantsbos, mbali ya kumadzulo. Mabasi safika kumeneko. Pali njira yoyenda m'mphepete mwa nyanja kukafika pa zotsalira za sitima ya ku America yotchedwa Thomas T. Tucker, imene inatsakamira pamiyala mu 1942, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, itanyamula katundu wa nkhondo. Inkayenda mokhudza gombe poopa sitima za pansi pa madzi za Ajeremani, kunali nkhungu. Zitsulo zake zadzimbiri zili mbwee pamchenga mpaka lero, mwana wanu wamkuluyo adzakondwa nazo. Njirayo ndi yathyathyathya koma mchenga umalemetsa miyendo, werengerani ola ndi theka kupita ndi kubwera. Mudzaona mbalame zakuda bii za milomo yofiira zikuyenda ziwiriziwiri, zimaikira mazira pamchenga penipeni m'miyezi imeneyi, ndiye muziyang'ana poponda. Ndipo yang'anani nthawi yotsekera geti polowa, chifukwa otuluka mochedwa amalipiritsidwa.

Nachisale:
Tisaiwale Boulders, chifukwa kwa mwana wazaka 6 ndi apongozi kumeneko ndiye kopambana zonse. Ndi pafupi ndi Simon's Town, panjira yomweyo yopita ku Cape Point, koma ine ndingakonde mutakupatsa m'mawa wakewake. Kuli mbalame za penguin, zija zoyenda chilili ngati anthu ovala suti. Zinayamba kukhala pamenepo cha m'ma 1982, zinali zochepa kwambiri, kenako zinaswana. Anamanga njira ya matabwa yopanda masitepe ovuta, ngakhale njinga ya olumala imadutsa, ndipo mbalamezo zimakhala pafupi moti mumaona kakhungu kofiirira kali pamwamba pa maso ake. Kulira kwake ndi ngati bulu, mwana wanga anayang'ana uku ndi uku kufuna buluyo.

Mbali inayo kuli kagombe kotchingidwa ndi miyala ikuluikulu yozungulira, madzi ake ndi odekha, ana amasamba ndipo nthawi zina penguin imadutsa pambali pawo ngati chipolopolo. Pitani m'mawa kwambiri ndiponso madzi ataphwera, chifukwa akadzaza mchenga umatsala pang'ono ndipo mu Disembala anthu amachuluka.

Mphunzitsi wa ku Mowbray:
Ndiwonjezere pa za penguin. Mu Disembala mudzapeza zambiri zitangoima duu, nthenga zili nyankhalala ngati zikudwala. Sizikudwala, zikusintha nthenga. Kwa masabata pafupifupi atatu sizingalowe m'madzi kukasaka nsomba, zimangodalira mafuta a m'thupi. Mwana akazithamangitsa zimataya mphamvu zimene sizingabwezere. Ndipo mbalamezi zikutha, abale. Mu 2024 bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN linaziika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, chifukwa chachikulu n'kuchepa kwa nsomba zing'onozing'ono zimene zimadya, sardine ndi anchovy. Ana anu akaziona muwauze zimenezi. Musazigwire, milomo yake imacheka ngati lumo, ndipo ponyamuka suzumirani pansi pa galimoto, zimakonda kubisalamo.

Achimwene a ku Bellville:
Ine ndifunse chimene aliyense akuchizemba. Nanga za achifwamba? Timamva kuti anthu amalandidwa mafoni m'phirimo.

Malume a ku Wynberg:
Funso labwino, ndipo tisanamizane, zimachitika. Paki ili pakati pa mzinda ndipo malo ambiri alibe mpanda. M'kati mwa Cape of Good Hope ndi ku Boulders, komwe kuli mageti, ine sindinakhalepo ndi nkhawa. Nkhawa imakhala m'njira zopanda anthu za kufupi ndi mzinda, makamaka m'bandakucha ndi madzulo. Eni paki amalangiza kuyenda anthu anayi kapena kuposerapo. Sankhani njira zodziwika, pa nthawi imene anthu ena akuyendanso, musasiye chikwama poonekera m'galimoto, ndipo uzani munthu wina njira imene mwatenga ndi nthawi yobwerera. Sungani m'foni nambala ya opulumutsa anthu m'mapiri, a Wilderness Search and Rescue, imalembedwa pazikwangwani poyambira njira. Koma ndinene mosabisa, anthu amene amavulala m'phiri limeneli ambiri si chifukwa cha achifwamba. Ndi ludzu, kutentha, nkhungu, ndi kusiya njira pofuna chidule.

Chikondi wa ku Parow:
Lion's Head ndiye siikhala yopanda anthu. Mamita 669, njira imazungulira phiri ngati chingwe, ndiye uku mukuona Camps Bay ndi mapiri a Twelve Apostles, mukakhota mukuona mzinda ndi doko. Kumapeto kuli matcheni ndi makwerero achitsulo, koma pali njira ina yolambalala matcheniwo, yotalikirapo pang'ono. Wazaka 11 akwera bwinobwino. Wazaka 6 ine sindingamutenge, pamwamba pake ndi popapatiza ndipo anthu amapanikizana.

Nachisale:
Apo tagwirizana Chikondi. Otsalawo apite pa Signal Hill, galimoto imafika pamwamba penipeni, apongozi akhale pa benchi aone dzuwa likulowa m'nyanja. Mu Disembala limalowa cha m'ma 8 koloko madzulo. Mukadzamva kuphulika kwakukulu 12 koloko masana musadzathawe, ndi mzinga umene amaombera paphiri limenelo tsiku lililonse kupatula Lamulungu ndi masiku a tchuthi, mwambo wa zaka zopitirira 200.

Nangozo:
Palibe amene watchula zomera, pomwe n'zimene zinachititsa kuti malowa atetezedwe. Poyamba ine ndinkangoona ngati tchire lachabechabe lopanda mitengo. Mnzanga wina anandigwadiritsa pansi ku Silvermine n'kundiuza kuti ndiwerenge mitundu ya zomera pamalo ongokwana mphasa imodzi. Ndinafika pa 15 ndisanasunthe phazi, tina timaluwa tating'ono ngati mutu wa singano, tina tamasamba onunkhira ukatifikisa. Amazitcha fynbos. M'dera lonse la pakiyi muli mitundu yopitirira 2,000, ndipo ina siipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. N'chifukwa chake UNESCO inaika dera limeneli pa mndandanda wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 2004. Duwa lalikulu la king protea, lomwe ndi duwa la dziko la South Africa, limamera momwemo. Kuthyola duwa n'koletsedwa.

Ku Silvermine komweko kuli damu lakale lozunguliridwa ndi njira ya matabwa, malo abwino kwa apongozi. Madzi ake ndi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, koma si uve, ndi utoto wochokera ku mizu ndi masamba a fynbos. Anthu amasambamo. Ingofunsani kaye ngati kuli kotsegula, chifukwa moto ukadutsa amatseka malo ena kwa miyezi.

Mphunzitsi wa ku Mowbray:
Nkhani ya moto ndi yovuta kuimvetsa poyamba. Fynbos imafuna moto pakapita zaka zingapo, khumi kapena kuposerapo, chifukwa nthanga zina sizimera popanda utsi ndi kutentha, ndipo zina nyerere zimazikokera pansi pomwe zimadikira motowo. Koma moto wobwera pafupipafupi umapha zomera zisanabereke, ndipo ndi mphepo ya Disembala suzimitsika. Amene tinali kuno mu Epulo 2021 tikukumbukira moto umene unayambira m'mbali mwa Devil's Peak n'kutentha laibulale ya Jagger pa University of Cape Town. Ine ndinaona mapepala opserera akugwa m'misewu ya kwathu kuno. Ndiye wosuta fodya asaponye kanthu pansi, ndipo moto muzikoleza pamalo okhawo anamangira.

Achimwene a ku Bellville:
Nanga Skeleton Gorge bwanji? Ine ndimaikonda kuposa Platteklip. Mumayambira m'munda wa maluwa wa Kirstenbosch, mumakwera mumthunzi wa mitengo ikuluikulu m'mbali mwa kamtsinje, pali makwerero amatabwa, ndipo pamwamba mumatulukira pa damu la Hely-Hutchinson pomwe pali mchenga woyera ngati kugombe, pamwamba pa phiri.

Malume a ku Wynberg:
Ndi yokongola zedi koma ndi ya tsiku lathunthu, maola asanu kapena kuposa mukaphatikiza kutsika kudzera ku Nursery Ravine, ndipo miyala yake imaterera. Asiyire ulendo wina. Kirstenbosch yokhayo ndiye apite, ngakhale siili pansi pa SANParks ndipo ili ndi geti lakelake. Tsiku la mphepo kumeneko kumakhala kobisika, ndipo kuli mlatho wokhotakhota wodutsa pamwamba pa mitengo umene ana amaukonda.

Bambo a Takondwa:
Abale mwandipatsa zambiri kuposa zimene ndinapempha. Ndalemba motere: tsiku loyamba lopanda mphepo, Table Mountain, ine ndi Takondwa wapansi pa Platteklip, ena pa cableway. Tsiku lina lathunthu Cape Point ndi Olifantsbos. Lina Boulders m'mawa, Signal Hill madzulo. Lotsalalo Kirstenbosch kapena Silvermine malinga ndi nyengo. Ndidzakuuzani m'mene tayendera.

Mayi a Dalitso:
Majuzi musaiwale. Ndi zipewa zomanga pachibwano, zinazo mphepo imatenga.

Bambo a Takondwa:
Moni a chaka chatsopano nonse. Tabwerako. Malume munanena zoona, masiku awiri oyamba mphepo inali yoti chitseko cha galimoto chimachita kulimbana nacho, phiri litafunda mtambo. Tinayamba ndi Kirstenbosch ndi Boulders. Tsiku lachitatu ndinadzuka 5 koloko n'kuona phiri lili poyera, ndinadzutsa nyumba yonse. Ine ndi Takondwa tinatha maola atatu pa Platteklip, madzi anatithera pafupi ndi pamwamba, Chikondi malita awiri aja ndi ochepa kukatentha. Titatulukira pamwamba tinapeza agogo ake atakhala pamwala, atafunda shawelo yawo ya ubweya, akutidikira ndi botolo la madzi m'manja.

Ku Olifantsbos sitinafike, nthawi inatha chifukwa apongozi anakana kuchoka pa Cape Point. Anakwera kanjanji kaja, anapeza pokhala poyang'ana ku False Bay, ndipo anati tiwasiye pomwepo ife tikayende. Titabwerako patatha ola ndi theka anali pomwepo. Anatiuza kuti anawerenga sitima zitatu ndipo anaona chinthu chakuda chikutumphuka m'madzi kawiri. Akuti ndi namgumi. Kodi n'zotheka mu Disembala?

Mphunzitsi wa ku Mowbray:
N'zotheka ndithu. Anamgumi akuluakulu otchedwa southern right amabwera kuyambira Juni mpaka Novembala kudzaswana m'magombe amenewa, ndiye pofika Disembala ambiri amakhala atapita. Koma ku False Bay kuli mtundu wina, Bryde's whale, umene umakhala chaka chonse, ndipo umaoneka momwe anenera mayiwo, msana wakuda kutumphuka kamodzi kapena kawiri kenako zii. Afunseni ngati anaona kachipsepse kakang'ono kopindika chakumbuyo pamsanapo. Southern right ilibe chipsepse pamsana.

Bambo a Takondwa:
Ndawaimbira foni pompano. Akuti kachipsepse kanalipo, kopindika ngati chikwakwa. Ndipo akufunsa kuti mwezi wabwino woti adzaone akuluakuluwo ndi uti.

Nachisale:
Seputembala. Auzeni adzabwere ndi jekete lokhuthala, ndipo ulendo umenewo mudzayambire ku Olifantsbos.